Kukayenda m'nkhalango ya Gila ku New Mexico: mafunso ndi mayankho

Abale athu okhala ku Texas, Arizona ndi New Mexico, ndi ena amene anangomva kuti ku America kuli malo komwe munthu angayende masiku angapo osakumana ndi mnzake, amandifunsa mafunso omwewomwewo okhudza nkhalango ya Gila. Ndawasonkhanitsa pano. Pomwe nkhani yayankhidwa kale pa funso lina, ndangokulozerani komweko.

Kodi Gila ili kuti?

Gila National Forest ndi nkhalango ya boma la United States. Ili kumwera chakumadzulo kwa chigawo cha New Mexico, ndipo kumadzulo kwake imagunda malire a Arizona. Eni dera amatchula dzinali kuti "Hila". Kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 1.3 miliyoni, ndipo amaiyang'anira ndi a US Forest Service. Anthu ambiri amanyamukira ku Silver City, tauni ya anthu ochepera pang'ono 10,000 yomwe inakula chifukwa cha migodi. Mtsinje wa Gila umayambira m'mapiri a m'nkhalangoyi, ndipo kumtunda kwake uli ndi nthambi zitatu: West Fork, Middle Fork ndi East Fork. Maulendo ambiri apansi amatsata ziwiri zoyambazo.

Mukuti ndi chipululu, mukutinso ndi nkhalango. Zoona ndi ziti?

Zonse ziwiri, chimasiyanitsa ndi kukwera kwa malo. Kumunsi n'kouma: udzu wa apa ndi apo, zomera zaminga ndi miyala. Mukakwerako mumalowa m'timitengo tatifupi ta piñon ndi juniper. Mukafika cha m'mamita 2,000 kumayamba mapaini akuluakulu a ponderosa, omera motalikirana moti munthu amayenda pansi pake osakodwa ndi tchire. Dzuwa likawomba khungwa la mtengo umenewu, gunditsani mphuno m'ming'alu yake, mumva fungo la vanila. Pamwamba penipeni pali mitengo ya m'madera ozizira monga spruce ndi aspen, ndipo chipale chofewa chimachedwa kusungunuka. Nsonga yayitali kuposa zonse ndi Whitewater Baldy, mamita pafupifupi 3,320.

Uchipululu wake mumaumva mumpweya. Thukuta limauma musanalione, milomo imang'ambika, ndipo kutentha kwa masana kumathawa dzuwa likangolowa. Si zachilendo kuti masana ndi m'bandakucha zisiyane ndi madigiri 20.

Nanga Gila Wilderness ndi malo enanso?

Ndi chigawo cha pakati pa nkhalango yomweyi, ndipo n'chimene chimakoka anthu ofuna bata. Pa 3 Juni 1924 a Forest Service anapatula malowa kuti asadzalowe msewu, potsatira ganizo la wantchito wawo Aldo Leopold. Anali malo oyamba ku America kutetezedwa mwanjira imeneyi, zaka 40 lamulo la Wilderness Act la 1964 lisanakhazikitsidwe. Lero chigawochi ndi mahekitala oposa 225,000. Kum'mawa kwake, m'mapiri a Black Range, kuli china chotchedwa Aldo Leopold Wilderness, ndipo cha ku malire a Arizona kuli Blue Range Wilderness.

M'malo amenewa simulowa galimoto, njinga yamoto, njinga yakapalasa kapena drone. Mahatchi ndi nyulu ndiye amaloledwa. Lamuloli limagwiranso okonza njira: mtengo ukagwa n'kutseka kanjira, amaudula ndi sowo yamanja ya anthu awiri, osati yainjini. N'chifukwa chake mitengo yakugwa imatha kukhala panjira miyezi kapena zaka, ndipo mtunda umene pamapu ukuoneka wa maola atatu umadya tsiku lonse.

Ndingafikeko bwanji?

Pagalimoto. Mabwalo a ndege akuluakulu omwe ali pafupi ndi a El Paso, makilomita pafupifupi 250 kuchokera ku Silver City, ndi Tucson, pafupifupi 320. Kuchokera ku Albuquerque ndi ulendo wa maola anayi kapena kuposa. Sitima ya Amtrak imaima ku Deming ndi ku Lordsburg katatu pa sabata, koma mukatsika mufunikabe galimoto, chifukwa palibe basi yolowera m'nkhalango.

Kuchokera ku Silver City, msewu wa NM 15 umalowera kumpoto kudzera ku Pinos Altos mpaka kukathera ku Gila Cliff Dwellings, komwe kuli nyumba zakale za m'mapanga. Ndi makilomita 70 okha, koma werengerani maola awiri. Ndi watala, koma wopapatiza, wokhotakhota, ndipo malo ena ulibe mzere wapakati. Amene akukoka kalavani yayitali amalangizidwa kuzungulira pa NM 35, kudzera ku Mimbres ndi Lake Roberts. Thirani mafuta thanki yodzaza ku Silver City, ndipo zakudya zonse mugule komweko. Musayende msewuwu usiku ngati mungapewe, chifukwa agwape amangotulukira pakona.

Kumadzulo mumadzera pa US 180 kupita ku Glenwood. Msewu wa NM 159 wokwera ku Mogollon, kamudzi kakale ka migodi, ndi wotsetsereka moopsa, ndipo kupitirira kamudziko umatsekedwa nthawi yozizira.

Kodi pamafunika chilolezo kapena kulipira?

Kuyenda ndi kugona m'kati mwa Gila Wilderness sikufuna chilolezo, ndipo simulipira. Mbali zambiri za nkhalangoyi mungakhome tenti pomwe mwakonda, kwa masiku osapitirira 14 pamalo amodzi. Malo ena okonzedwa, okhala ndi zimbudzi ndi matebulo, amalipiritsa pang'ono. Kuwedza nsomba ndi kusaka nyama ndiye kumafuna chiphaso cha boma la New Mexico.

Ufulu umenewu uli ndi kuipa kwake: popeza simunalembetse paliponse, palibe ofesi imene ikudziwa kuti mwalowa, ndipo palibe imene idzadabwe mukapanda kutuluka. Onani funso la foni pansipa.

Nthawi yabwino yopita ndi iti?

Ine ndimati kumapeto kwa Seputembala ndi Okutobala yense. Mvula imakhala itatha, mitsinje yaphwera, masana n'kofunda bwino, ndipo masamba a mitengo ya m'mbali mwa mtsinje amasanduka achikasu. Usiku kumazizira mpaka madzi kuundana m'botolo. Ndi nyengonso yosaka nyama, ndiye valani chinthu chowala, makamaka cha mtundu wa lalanje, kuti alenje akuoneni patali.

Malichi ndi Epulo chipale chimasungunuka m'mapiri, mitsinje imadzaza ndi madzi ozizira kwambiri, ndipo kumawomba mphepo yafumbi. Meyi ndi Juni mitsinje imawoloka bwino, koma ndi miyezi youma ndi yotentha, akasupe a m'mitunda amaphwa, ndipo ndiyo nthawi ya moto wolusa. Julayi mpaka kumayambiriro kwa Seputembala ndi nyengo ya mvula yamabingu, yomwe ili ndi funso lake. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale kumunsi kumayendeka, koma pamwamba pamakhala chipale.

Kodi kuli otsogolera njira, onyamula katundu ndi nyumba zogona ngati ku Mulanje?

Ayi, ndipo apa ndi pomwe ambiri a ife timayenera kusintha maganizo. Amene anakwerapo Mulanje amadziwa kuti pa Likhubula umapeza anyamata odziwa phiri, wina amakusenzera chikwama, ndipo madzulo umafika pa nyumba ya Chambe kapena Lichenya mlonda atakonza nkhuni. Ku Gila kulibe zimenezo. Tenti, chakudya, chofunda ndi mapu mumabereka nokha, njira mumapeza nokha. Alipo anthu amene amachita bizinesi yotengera alendo m'nkhalango pa mahatchi ndi nyulu, koma mumayenera kupangana nawo nthawi isanakwane, ndipo mtengo wake si wamasewera.

Kukwera kwa malo kulinso kofunika kukuganizira. Whitewater Baldy imaposa Sapitwa ndi mamita oposa 300, ndipo Silver City yeniyeniyo ili pa mamita 1,800. Ngati mukuchokera ku Houston kapena kwina kulikonse kufupi ndi nyanja yamchere, gonani usiku umodzi m'tauni musanayambe kukwera. Mutu ukamawawa ndi kuchita nseru muli pamwamba, mankhwala ake ndi kutsika.

Kodi munthu amakhaladi payekha?

Zimatengera komwe mwalowera. Middle Fork, kuyambira pa ofesi ya alendo yomwe ili pafupi ndi Cliff Dwellings kukafika ku akasupe otentha a Jordan Hot Springs, imakhala ndi anthu Loweruka ndi Lamlungu. Mu Epulo ndi Meyi mumadutsanso anthu oyenda ulendo wautali wa Continental Divide Trail, wochokera ku malire a Mexico kupita ku Canada, chifukwa ambiri mwa iwo amasiya njira yeniyeni n'kutsata mtsinje. Mukapitirira akasupewo, kapena mukakwera pamitunda yathyathyathya yomwe ili pakati pa West Fork ndi Middle Fork, anthu amachepa msanga. Ku Aldo Leopold Wilderness ndi ku Blue Range mungathe masiku osaona phazi la munthu. Boma la Catron, lomwe latenga mbali yakumpoto ya nkhalangoyi, ndi lalikulu pafupifupi masikweya kilomita 18,000 koma lili ndi anthu osakwana 4,000.

Chomwe anthu safunsa ndi chakuti, kodi batalo adzalipirira? Ife tinakulira pakati pa anthu, ndipo ngakhale kumunda umamva khasu la mnzako. Usiku woyamba ku Gila kumakhala zii moti mumamva magazi akugunda m'makutu, ndipo kambewa kakagwedeza masamba mumaganiza kuti ndi chilombo. Ambiri sagona bwino usiku umenewo. Wachiwiri umakhalako bwino. Ngati simunagonepo kutchire nokha, yambani muli awiri, kapena gonani kaye pafupi ndi galimoto, pa malo okhomapo tenti a Upper Scorpion kapena Lower Scorpion, kuti makutu azolowere.

Woyamba kumene ayende njira iti?

Kwa tsiku limodzi, tsatani West Fork kuchokera pafupi ndi Cliff Dwellings, muyende maola awiri kapena atatu, mubwerere. Simungasochere chifukwa mtsinje ukukutsogolerani, ndipo mulawa kuwoloka.

Kwa usiku umodzi kapena iwiri, njira yotchuka imayambira pa TJ Corral. Imakwera kamtunda kouma, kenako n'kutsikira m'chigwembe chopapatiza cha Little Bear, chomwe malo ena makoma ake amayandikana mochititsa nthumanzi, mpaka kutulukira pa Middle Fork pomwe pali zipilala zazitali za miyala. Kuchokera pamenepo mumatsata mtsinje chokwera mpaka ku Jordan Hot Springs. Ulendo wonse ndi makilomita pafupifupi 10 kupita kokha.

Ofuna mapiri angayambire pa Emory Pass, pa msewu wa NM 152, kupita ku Hillsboro Peak komwe kuli nsanja yoyang'anira moto. Pamwamba pake mumaona kutali kwambiri, koma panjira palibe madzi ndipo mitengo yambiri inapsa. Njira ya Crest Trail yopita ku Whitewater Baldy ndi Mogollon Baldy isiyireni odziwa kuwerenga mapu.

Akuti mtsinje umawolokedwa kambirimbiri. N'zoona?

N'zoona. Zigwembe za West Fork ndi Middle Fork n'zopapatiza, mtsinje umagunda khoma ili n'kubwerera ku linalo, ndipo kanjira kamakakamizika kuwoloka pakona iliyonse. Kuchokera pa Little Bear kukafika ku Jordan, mtunda wa makilomita atatu okha, mumawoloka kokwana pafupifupi 15. Oyenda Middle Fork yonse amawoloka koposa 100. Milatho kulibe.

Musavutike n'kuvula nsapato, mudzatopa musanafike patali, ndipo miyala yapansi ndi yoterera. Valani nsapato zopepuka zouma msanga ndi masokosi aubweya, mulowe nazo m'madzi, ndipo m'chikwama musunge masokosi ena ouma ogonera. Nsapato zazikulu zosalowa madzi n'zoipa kuno, chifukwa madzi akalowera pamwamba satulukanso. Powoloka, masulani lamba wa m'chiuno wa chikwama kuti mukagwa muchitaye msanga. Yang'anani komwe madzi akuchokera, zikani ndodo patsogolo, sunthani phazi limodzi likakhazikika linalo, ndipo sankhani pomwe mtsinje watambalala, osati popapatiza. Madzi akapitirira m'maondo ndipo akuthamanga, kapena akakhala ofiira osaoneka pansi, bwererani. Madzulo khuthulani mchenga m'nsapato ndi kuumitsa mapazi, chifukwa mchenga wonyowa ndiwo umabweretsa matuza.

Madzi akumwa ndiwapeza kuti?

Ulendo wa ku Gila umakonzedwa poyang'ana madzi, zina zonse zimabwera pambuyo. M'zigwembe za mitsinje ikuluikulu madzi alipo chaka chonse. Mukangokwera pamtunda zinthu zimasintha. Kasupe wolembedwa pamapu akhoza kukhala atauma kalekale, ndipo timadamu tomwera ng'ombe nthawi zambiri timakhala matope obiriwira. Musanachoke, imbani foni kapena pitani ku ofesi ya Forest Service mufunse kuti akasupe a njira yanu ali bwanji sabata imeneyo. Tsiku loyenda pamtunda, berekani malita anayi kapena kuposa pa munthu aliyense, ndipo ngati mugona kopanda madzi onjezerani ophikira. Idyani zamchere, chifukwa kumwa madzi ambiri opanda mchere kumafooketsanso.

Madzi alionse, ngakhale oyera mbee, asefeni ndi sefa ya paulendo, athireni mankhwala kapena awiritseni. M'nkhalangomu muli nyama ndi ng'ombe, ndipo tizilombo ta giardia timatsegula m'mimba kwa masabata. Kumalo okwera kuposa mamita 2,000 asiyeni abwadamuke mphindi zitatu. Dziwaninso kuti lamulo la New Mexico limaletsa kugona pafupi ndi damu kapena thanki yomwera ziweto ndi nyama zakutchire. Tungani, mukakhome tenti pamtunda wa mamita 300.

Mvula ya m'chipululu ingaopse bwanji?

Imaopsa kuposa nyama zonse zam'menemo. Mu Julayi ndi Ogasiti m'mawa kumacha kuli ngwee, cha m'ma 11 mitambo imayamba kuunjikana pamapiri, ndipo masana kumagwa chimvula champhenzi, nthawi zina ndi matalala. Nthaka yake ndi yamiyala, siimwa madzi, ndiye onse amathamangira m'zigwembe. Napolo akhoza kukupezani pomwe muli pakuwala dzuwa, mvula itagwa kutali kumtunda komwe simukukuona. Zizindikiro zake ndi madzi kusintha mtundu, timitengo ndi masamba kuyamba kuyandama, ndi mkokomo wochokera kumtunda. Mukaona chimodzi mwa izi kwerani pamalo okwera nthawi yomweyo, musathamange chotsika ndi mtsinje.

Moto wa m'nkhalango unawonjezera vutoli. Pamalupsa palibe chogwira madzi. Moto wa mu 2012 utatha, mvula ya mu Seputembala 2013 inakokolola njira ndi misewu kumadzulo kwa nkhalangoyi, kuphatikizapo kanjira kachitsulo ka Catwalk ndi msewu wa ku Mogollon. M'nyengo imeneyi nyamukani m'mamawa, pofika masana mukhale mutatsika pazitunda, musalowe m'Little Bear kumwamba kutada, ndipo musagone pamchenga wa m'mbali mwa mtsinje ngakhale pakhale posalala bwanji. Misewu yafumbi nayo imasanduka phala, galimoto yamphamvu imatitimira.

Kodi ndingasonkhe moto? Nanga nsima ndingaphike?

Moto umatengera nyengo. Kukauma, a Forest Service amaletsa kusonkha moto kunja kwa malo okonzedwa, zikafika poipa amaletsa moto wa nkhuni ndi makala paliponse, ndipo nthawi zina amatseka mbali zina za nkhalango. Sachita izi mwachibwana. Moto wa Whitewater-Baldy wa mu 2012, womwe unayamba ndi mphenzi, unatentha mahekitala pafupifupi 120,000. Wa Black Fire wa mu 2022 unatentha oposa 130,000 ku Black Range. Kachitofu ka gasi kokhala ndi potsekera kamaloledwa nthawi zambiri ngakhale moto wina utaletsedwa. Pomwe moto ukuloledwa, sonkhani waung'ono, ndipo pochoka thirani madzi, vundulani phulusa, mugwire ndi dzanja kuti mutsimikize kuti lazizira. M'malupsa musagone pansi pa mitengo youma, imagwa kukawomba mphepo.

Nsima imaphikika, ufa woyera wa chimanga umapezeka m'masitolo. Onetsetsani kuti simunatenge masa harina, ufa wopangira tortilla, womwe kakomedwe kake n'kosiyana chifukwa chimanga chake amachiphika kaye ndi laimu. Koma nsima imadya gasi, ndipo kutsuka mphika kumadya madzi. Ndi yabwino usiku wogona pamtsinje. Pamtunda tengani zongothira madzi otentha, mtedza, chiponde ndi nyama youma.

Nyama zoopsa zilipo?

Zilipo zimbalangondo zakuda, mikango ya m'mapiri yotchedwa cougar, ndi mimbulu ya ku Mexico, yomwe inatsala pang'ono kutha ndipo boma linayamba kuibwezera kutchire m'dera lino ndi la Arizona mu 1998. Cougar ndi mmbulu mwina mudzangoona mapazi ake pamatope. Chimbalangondo chimabwera chifukwa cha fungo la chakudya. Musagone ndi chakudya, sopo kapena mankhwala otsukira mano m'tenti. Ikani zonse m'thumba, mulipachike panthambi pamwamba mamita atatu kapena anayi, kutali ndi thunthu, komanso kutali ndi pogona. Mukakumana nacho musathawe. Lankhulani mokweza, kwezani manja, bwererani pang'onopang'ono.

Zomwe muyenera kusamala nazo tsiku ndi tsiku ndi njoka za rattlesnake, zomwe zimachita phokoso ndi mchira zikaopsedwa. Musaponde kapena kupisa dzanja pomwe simukuona. Ikakulumani musatemere, musayamwe, musamange chingwe. Vulani mphete ndi wotchi, ndipo fulumirani kupeza thandizo. M'mbali mwa mitsinje mulinso chomera cha poison ivy, cha masamba atatuatatu, chomwe chimatulutsa matuza oyabwa. Buluku lalitali limathandiza.

Mu Seputembala, mukamva kulira kwautali kokhala ngati likhweru usiku, si chilombo. Ndi mphongo za elk, mtundu wa agwape akuluakulu, zikuitana zazikazi.

Akasupe otentha aja ndingasambemo?

Inde. Lightfeather ali pafupi, kuwoloka Middle Fork kangapo kuchokera pa ofesi ya alendo. Madzi ake amatuluka otentha moti angakuwotcheni, ndipo anthu amawasakaniza ndi a mumtsinje m'timaiwe ta miyala. A ku Jordan ndi ofunda chabe, oyera, pansi pa mitengo. Musamize mutu ndipo madzi asalowe m'mphuno, chifukwa m'madzi ofunda otere mumatha kukhala kachilombo ka Naegleria fowleri. Sikagwira anthu kawirikawiri, koma kakalowa mu ubongo kamapha. Sopo saloledwa. Musadabwenso mukapeza ena akusamba osavala, kumeneko ena amatero.

Foni imagwira? Nanga ndikavulala?

Netiweki imatha mukangochoka ku Silver City pang'ono, ndipo ku Cliff Dwellings ndi m'zigwembe kulibiretu. Koperani mapu mufoni musananyamuke, koma tenganinso mapu apepala a Gila Wilderness ndi kampasi, chifukwa batire imatha msanga kukazizira. Zikwangwani zimapezeka pamphambano zina zokha, zina zinapsa, ndipo malo ena njira imangodziwika ndi timilu ta miyala. Oyenda okha ambiri amatenga kachipangizo kotumiza uthenga kudzera pa setilaiti, monga Garmin inReach. Ine ndimaona kuti kwa munthu wolowa yekha, ndalama imeneyi ndi yofunika kuposa ya tenti yokongola.

Musananyamuke lemberani munthu wodalirika zinthu izi: komwe musiye galimoto ndi nambala yake, njira yomwe mutsate, tsiku lotuluka, ndi ola lomwe ayenera kuimba 911 ngati sanamve kwa inu. Mukatero musasinthe njira. Ku New Mexico ntchito yofufuza osowa imayendetsedwa ndi apolisi a chigawochi, ndipo ambiri ofufuzawo ndi anthu ongodzipereka, ochokera kutali. Kufika pomwe muli kungatenge tsiku kapena kuposa. Chipatala chili ku Silver City, ndipo helikopita ya odwala ku America imalipiritsa ndalama zambiri, ndiye onani ngati inshuwalansi yanu imakhudza zimenezo.

Ndinyamule chiyani china?

Thumba logonamo lopirira kuzizira kofika pa 0 kapena kutsikirapo, ngakhale masana kukutentha, pamodzi ndi kamatiresi kotchinga kuzizira kwa pansi. Mpweya wozizira umatsikira m'zigwembe usiku, moti pamtsinje pamazizira kuposa pamtunda. Tengani jekete lamvula, chipewa cha khonde, magalasi adzuwa, tochi yapamutu, ndodo ziwiri ndi mafuta a pamilomo. Mafuta oteteza ku dzuwa tenganinso, khungu lakuda nalo limapsa pamalo okwera chonchi. Zogonera zikulungeni m'pulasitiki m'kati mwa chikwama chifukwa cha kuwoloka kuja.

Zimbudzi kulibe. Kumbani kadzenje kakuya masentimita 15 mpaka 20, pamtunda wa mamita 60 kuchokera pamadzi ndi panjira, mukwirire. Pepala musalitenthe, ndipo m'dothi louma chonchi siliwola msanga, ndiye liikeni m'kathumba mutuluke nalo limodzi ndi zinyalala zonse.

Nyumba za m'mapanga zija anamanga ndani?

Anthu amene akatswiri amawatcha a Mogollon. Anamanga zipinda pafupifupi 40 za miyala ndi dothi m'mapanga asanu cha m'ma 1280, ndipo pofika cha m'ma 1300 anali atasamuka. Ankalima chimanga, nyemba ndi maungu m'mbali mwa mtsinje. Mitanda yomwe anaika idakalipo, denga la mapanga n'lakuda ndi mwaye, ndipo mungaone zitsononkho zazing'ono za chimanga chawo. Pulezidenti Theodore Roosevelt anateteza malowa mu 1907. Kanjira kozungulira ndi ka makilomita 1.6, kali ndi masitepe, ndipo agalu saloledwa.

Pambuyo pake dera lino linali la Aapache. Geronimo ankati anabadwira kufupi ndi kumene mtsinje wa Gila umayambira, ndipo anthu ake anachotsedwa m'dera lino ndi asilikali a boma m'zaka za m'ma 1880. M'nkhalango monse mungapeze mapale a mbiya zakale ndi mitu ya mivi. Yang'anani, jambulani, musiye pomwepo. Kutenga ndi mlandu pansi pa lamulo la 1979 loteteza zinthu zakale. Mbiya zokongola za anthu a ku Mimbres, zojambulidwa zakuda pa zoyera, mungakazione ku nyumba yosungira zakale ya Western New Mexico University ku Silver City.

Monga mlendo m'dziko, pali choti ndisamale?

Yendani ndi pasipoti ndi mapepala osonyeza kuti muli m'dzikomo movomerezeka. Dera lino lili pafupi ndi Mexico, ndipo a Border Patrol ali ndi malodibuloko m'misewu ikuluikulu. Wochokera ku El Paso amadutsa pa imodzi pa I-10, pakati pa Las Cruces ndi Deming, pomwe amafunsa ngati ndinu nzika. Amene akuchokera kwathu afunse kaye ku ofesi ya kazembe wa America, chifukwa malamulo a viza akhala akusinthasintha.

M'midzi yozungulira nkhalangoyi anthu akuda ndi ochepa, ndiye mudzayang'anidwa. Ambiri okhala kumeneko ndi alimi a ng'ombe ndi alenje, ndipo kuona munthu ali ndi mfuti m'chiuno si zachilendo. Chimene salekerera ndi kulowa m'malo a eni. M'kati mwa nkhalango muli minda ya anthu yokhala ndi mipanda, ndiye mukaona chikwangwani choletsa, zungulirani. Geti la ng'ombe lisiyeni momwe mwalipezera, lotseka litsekeni, lotsegula musalitseke. Nkhani ya mimbulu ndi yowawa kwa alimi a ng'ombe, musaiyambe m'sitolo.

Sinditha kuyenda mtunda wautali. Pali chomwe ndingaone?

Pitani ku Catwalk, pafupi ndi Glenwood. Ndi kanjira kachitsulo kopachikidwa pakhoma la chigwembe cha Whitewater, madzi akuyenda pansi panu. Kamatsata pomwe panadutsa paipi ya madzi ya anthu a migodi m'zaka za m'ma 1890. Kanamangidwanso madzi atakakokolola, n'kutsegulidwa mu 2016, ndipo chigawo choyamba chimayendeka ngakhale ndi ana.

Kumpoto kwa Glenwood, mukapatuka pa US 180 kupitirira Alma, kuli Cosmic Campground, malo omwe mu 2016 anavomerezedwa kukhala International Dark Sky Sanctuary chifukwa magetsi amphamvu ali kutali, makilomita oposa 60. Sankhani usiku wopanda mwezi, fikani kusanade kuti magetsi a galimoto asasokoneze ena, ndipo gwiritsani tochi yofiira. Mlalang'amba umaoneka bwino kwambiri m'miyezi ya Juni mpaka Seputembala. Nyenyezi zina zakumwera zomwe timaziona kwathu kumeneko sizituluka, koma kumpoto mudzaona Polaris, yomwe ku Malawi siioneka. Pamalopo pali chimbudzi koma madzi palibe, tengani anu.